KODI GALU ANGADYE CAKUDYA CA MWANA?

M'MAKOMBONI a m'Chipata monga Kapata, Mchini ndi Magazine, ngakhalenso ku Katete, Petauke ndi Lundazi, mabanja ambiri amaweta galu. Ena amaweta kaamba ka akawalala, ena anangopatsidwa kagalu ndi mnansi. Koma ndi ocepa okha amene amagula cakudya ca agalu ku sitolo. Galu wa m'komboni amadya zotsala pa nyumba: cimbala, makoko a m'poto ndi mafupa. Pa nyumba pamene pali mwana wamng'ono, galu amalandiranso phala limene mwana wasiya m'mbale.

Apa m'pamene pabuka funso lakuti, kodi cakudya ca mwana cingamupweteke galu?

Yankho lake ndi lakuti phala wamba silipha galu. Cimene cimapha ndi zina zimene zimathiridwa m'cakudyaco, kapena cuku cimene cinalowa m'cimanga ndi m'nshawa zisanafike pa moto. Ndiponso pa nkhani imeneyi si galu yekha amene ali pa ngozi. Kawirikawiri amene amapwetekeka koposa ndi mwana mwini wa phalalo.

PHALA WAMBA

Phala la mgaiwa, la mapira kapena la mpunga, lophikidwa bwino ndi unga wabwino, galu angadye popanda bvuto. Cimodzimodzi mbatata yophika, dzungu, nthoci yakupsa, dzira lophika ndi nyama yophika yopanda zokometsera. Madokotala a ziweto nthawi zina amalangiza kupatsa galu wodwala cakudya cofewa cotere kwa tsiku limodzi kapena awiri, kufikira atayambanso kudya bwino.

Koma phala pa lokha si cakudya cokwanira kwa galu. Thupi la galu lifuna zakudya zomanga thupi zambiri, monga nyama, nsomba ndi mazira, ndi mcere wa kashiamu wolimbitsa mafupa. Galu wongodya phala ndi nsima masiku onse amaonda, ubweya wake umathothoka, ndipo kagalu kamene kakali kukula kamapindika miyendo. Shuga ndi majarini zimene amai amathira m'phala kuti mwana apeze mphamvu zilibe phindu kwa galu. Zikacuruka zimamunenepetsa moipa, ndipo mafuta ambiri pa nthawi imodzi amamusanzitsa ndi kumutsegula m'mimba.

ANYEZI NDI ADYO

Ngozi yaikuru imayamba mwana akafika pa kudya nsima yofewa ndi msuzi wa ndiwo za banja lonse. M'ndiwo zambiri za m'tauni mumakhala anyezi, ndipo ena amathiramo adyo kapena supu wa m'mapaketi amene ali ndi anyezi wogaya.

Kwa munthu anyezi ndi cakudya cabwino. Kwa galu ndi poizoni. M'anyezi ndi m'adyo muli mankhwala acibadwa amene amaononga timibulu tofiira ta m'magazi a galu, timene timanyamula mpweya kupita nao m'thupi lonse. Timibuluto tikaonongeka timasweka, ndipo galu amacepa magazi. Kuphika, kukazinga kapena kuumitsa sikucotsa poizoniyu ai. Anyezi wogaya ndiye woopsa koposa cifukwa madzi anacokamo, motero kasupuni kamodzi kali ndi mphamvu ya anyezi wambiri. Adyo naye ali ndi mphamvu kuposa anyezi.

Akatswiri a ziweto anapeza kuti magalamu 15 mpaka 30 a anyezi pa kilogalamu iriyonse ya kulemera kwa galu akwanira kuononga magazi ake. Ndiye kuti galu wa makilogalamu 10 angadwale ndi anyezi mmodzi wamkuru. Kagalu kakang'ono kangadwale ndi wocepa kwambiri. Ngakhale anyezi wocepa, akamadyedwa tsiku ndi tsiku, amaononga magazi pang'onopang'ono.

Mphaka ndiye sacedwa n'komwe. Mu 1998 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anaona pa amphaka amene anadyetsedwa cakudya ca ana ca m'mabotolo cokhala ndi anyezi wogaya: magazi ao anaonetsa kuonongeka kwa mtundu womwewu.

Cobvuta n'cakuti matendawa saonekera tsiku lomwelo. Pamapita masiku angapo, ndipo mwini galu amakhala ataiwala kale za msuzi uja. Galu amafooka, amapuma mwacangu, amakana cakudya, nkhama zake zimayera kapena kukhala zacikasu, ndipo mkodzo wake umafiira kapena kuda ngati tiyi. Ambiri akaona izi amaganiza kuti mnansi wamuthirira mankhwala, ndipo udani umayambika pa mpanda, pamene cinamudwalitsa ndi poto wa pa nyumba pomwepo.

ZA M'ZITINI NDI M'MABOTOLO

Mabanja ena amagulira ana ao phala la m'zitini monga Cerelac, kapena zakudya zophwanyaphwanya za m'timabotolo. Zambiri mwa izi zilibe poizoni kwa galu, koma mwini galu ayenera kuwerenga zolembedwa pa citini asanamupatse. Popeza zimalembedwa m'Cingerezi, mau oyenera kuwafuna ndi awa: onion, garlic, raisins, grapes, cocoa ndi xylitol.

Mphesa, zaziwisi kapena zouma, zimaononga impso za agalu ena, ndipo palibe angadziwiretu kuti galu wake apirira kapena ai. Koko ndi cokoleti, zimene zimapezeka m'zakumwa ndi mabisiketi a ana okulirapo, zimathamangitsa mtima wa galu ndi kumunjenjemeretsa. Xylitol ndi cotsekemeretsa cimene amaika m'malo mwa shuga m'maswiti ena, m'mankhwala otsukira mano ndi m'ciponde cina ca m'mabotolo. Galu akadya, shuga wa m'magazi ake amatsika mwadzidzidzi, nthawi zina ola lisanathe, ndipo amadzandira, kugwa ndi kukomoka.

Kotapela amene amai ambiri amaphwanyira ana sabvuta kwenikweni ngati galu wanyambita wocepa. Coopsa ndi nthanga yake, imene galu angameze ndi kutseka matumbo. Mafupa ophika a nkhuku nao amasweka mosongoka ndi kubaya kukhosi kapena m'matumbo.

Cinanso ndi mankhwala. Amai ena amasakaniza mankhwala a mwana m'phala kuti amwe mosabvuta. Phala lotere likatsala siliyenera kupita kwa galu. Mankhwala a anthu ocepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi, monga ibuprofen ndi paracetamol, ndiponso mankhwala oonjezera magazi, angaononge mimba, impso kapena ciwindi ca galu. Ndipo mai wa mwanayo ayenera kukumbukira kuti mwana amene wasiya phalalo sanamalize mankhwala ake. Ndi bwino kufunsa anamwino za njira ina yomwetsera.

MKAKA NDI TIANA TA GALU

Ambiri amakhulupirira kuti mkaka ndi wabwino kwa galu aliyense. Si tero. M'mkaka muli shuga wochedwa lactose, ndipo agalu ambiri akaleka kuyamwa mimba zao sizimugayanso bwino shuga ameneyu. Cotsatira cake ndi mpweya m'mimba ndi kutsegula. Galu wotsegula m'mimba amaipitsa pabwalo ponse pamene mwana amakwawa.

Pali bvuto lina la tiana ta galu timene timacotsedwa kwa make tisanakhwime, n'kugulitsidwa m'mbali mwa mseu kapena kugawidwa kwa abale. Wolandira kagaluko amakamvera cifundo, n'kukapatsa mkaka wa m'citini wa ana. Koma mkaka umenewu anaupanga motsanzira mkaka wa munthu, ndipo mkaka wa munthu ndi wa galu usiyana kutali. Pa magalamu 100 a mkaka wa galu, pafupifupi magalamu 8 ndi zomanga thupi ndipo 9 kapena 10 ndi mafuta. Mkaka wa munthu uli ndi galamu imodzi cabe ya zomanga thupi ndi magalamu 4 a mafuta, koma shuga wake afika magalamu 7, kuwirikiza kawiri wa m'mkaka wa galu.

Kusiyanaku kuli ndi cifukwa cake. Mwana wa munthu amatenga miyezi pafupifupi 5 kuti kulemera kwake kobadwa nako kuwirikize kawiri. Kagalu kamacita zimenezi m'masiku 10 cabe. Kagalu koleredwa ndi mkaka wa ana kamakhuta koma sikakula, kamatsegula m'mimba, ndipo kangafe ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Tiana ta galu tiyenera kukhala ndi make kufikira masabata 8, ngakhale kuti timayamba kulawa cakudya cofewa pa masabata 3 kapena 4. Ngati make wafa, njira yabwino ndiyo kupeza galu wina woyamwitsa, kapena mkaka wopangira tiana ta galu umene a za ziweto angalangize. Pokamwetsa, kagalu kagone cafufumimba monga kamacitira poyamwa. Kukagoneka cagada ngati khanda kumalowetsa mkaka m'mapapo. Botolo kapena kapu imene kagalu kamwera isabwererenso kwa mwana.

THUMBA LIMODZI LA UNGA

Galu ndi mwana amadya za m'thumba limodzi la unga, ndipo dziko lino linaona kale tanthauzo la zimenezi. Mu Ogasiti 2024 a Elijah Muchima, amene pa nthawiyo anali Nduna ya za Umoyo, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya zakudya zopangidwa ndi cimanga coipa. Pa zitsanzo 25 zimene zinatengedwa ku makampani ogaya cimanga, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoni wa aflatoxin wopyola muyeso. Caka cimeneco cinali ca cilala, ndipo cimanga cimene cabvutika ndi dzuwa m'munda sicicedwa kugwidwa ndi cuku.

Aflatoxin ndi poizoni wocokera ku cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino kapena zosungidwa ponyowa. Kugaya sikumucotsa, ndipo moto wa pa mbaula sumupha. Iye amalimbana ndi ciwindi. Agalu sapirira poizoniyu: amaleka kudya, amasanza, maso ndi nkhama zimakhala zacikasu, ndipo ena amataya magazi. Kwa anthu, akacuruka pa nthawi imodzi amapha. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya cimanga cotere. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amabweretsa kansa ya ciwindi, ndipo ofufuza apeza kuti ana amene amadya zakudya zokhala ndi aflatoxin kawirikawiri amapinimbira.

Nkhani iyi ikhudza kwambiri Cigawo ca Kum'mawa, kumene nshawa zimalimidwa kwambiri ndipo phala la nsinjiro ndilo cakudya coyamba ca ana ambiri. Nshawa zofota, zosweka, zosintha mtundu ndi zowawa ndizo zimakhala ndi poizoni wambiri. Mwatsoka, izi ndizo zimatsika mtengo pa msika, ndipo ena amazisinja kukhala nsinjiro kapena ciponde poganiza kuti zikasinjidwa kuipa kwatha. Enanso amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe poswa, ndipo cinyontho cimeneco cimadyetsa cuku.

Amai asankhe nshawa imodziimodzi asanasinje. Zoipazo zisapite kwa mwana, zisapite kwa galu kapena nkhuku: zikwiriridwe kapena zitenthedwe. Thumba la unga likhale pa matabwa, osati pa simenti, ndipo lisatsamire cipupa conyowa. Unga wonunkha cinyontho, woumbika timibulu kapena wowawa usaphikidwe. Ngati galu wadwala cikasu, kapena agalu angapo a m'dera limodzi afa motsatana, banja lileke kudya ungawo ndi kukanena ku kiliniki ndi ku ofesi ya za ziweto. Cakudza siciimba ng'oma, koma pa nkhani iyi galu ndiye amayamba kugwa, ndipo wanzeru amatengapo cenjezo.

MBALE YA MWANA SI YA GALU

Ngakhale phala likhale labwino cotani, njira yoperekera ingabweretse matenda. Pa nyumba zambiri mbale ya mwana imangoikidwa pansi kuti galu anyambite, kenaka n'kuitsukuluza ndi madzi ocepa. Pakamwa pa galu wa m'komboni pamakhala patapita m'dzala, m'ngalande ndi pa matewera otayidwa. Ena amalola ngakhale galu kudya cimbudzi ca mwana pabwalo. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, monga Salmonella ndi Campylobacter, tingacoke kwa galu kupita kwa mwana kudzera m'mbale, m'supuni ndi m'manja.

Palinso njoka za m'mimba. Tiana ta galu tambiri timabadwa nazo kucokera kwa make. Mazira ake amatuluka ndi cimbudzi, amakhwima m'dothi patapita masabata awiri kapena kuposa, ndipo amakhala amoyo kwa miyezi yambiri. Mwana wokwawa amene amaika dothi kukamwa amameza mazirawo, ndipo tinjoka take tingayende m'thupi kufika ku ciwindi, m'mapapo ngakhale m'diso. N'cifukwa cake cimbudzi ca galu ciyenera kuoledwa tsiku ndi tsiku ndi kutayidwa kumene ana safika. Tiana ta galu timwe mankhwala a njoka kuyambira pa masabata awiri, ndipo galu wamkuru amwe miyezi itatu iriyonse.

Galu amene wazolowera kulandira cakudya m'manja mwa mwana amayamba kulanda. Nkhope ya mwana wongoyamba kuyenda iri pa msinkhu umodzi ndi kamwa la galu, motero ana ang'ono ambiri amalumidwa kumaso ndi kumutu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti pa anthu 100 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 40 ndi ana osafika zaka 15, ndi kuti pafupifupi ciwewe conse ca anthu cimacokera kwa agalu. Malobvu a galu wa ciwewe angapatsire matendawa ngakhale ponyambita pa cilonda, m'maso kapena pakamwa. Galu alandire katemera wa ciwewe akafika miyezi itatu, ndi kubwereza monga a za ziweto alangizira. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ciwewe cikayamba kuoneka m'thupi sicicizika.

PHALA LITSALIRANJI?

Funso limene makolo ayenera kudzifunsa koposa ndi ili: n'cifukwa ciani phala la mwana limatsala masiku onse?

Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. M'dziko lotere supuni iriyonse ya phala la nsinjiro, dzira kapena kapenta wosinja iri ndi mwini wake.

Mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6. Kucokera pamenepo amayamba ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kufika theka la kapu. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanai pa tsiku, uku akuyamwabe. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Kuphika poto wodzaza m'mawa ndiko kumabweretsa zotsala. Ndi bwino kuphika locepa, lolimbirapo osati lamadzimadzi, ndi kumudyetsa moleza mtima.

Amai ambiri a m'tauni amalawirira ku msika kapena ku nchito, n'kusiya khanda ndi mkuru wake wa zaka 8 kapena 9. Pobwera amapeza mbale iri mbee, n'kukondwa kuti mwana wadya. Nthawi zina wadya ndi galu. Mwana wamng'ono amakonda kuponyera galu cakudya monga sewero, ndipo womulera naye ndi mwana. Galu amangidwe kapena atsekeredwe kwina pa nthawi imene mwana akudya, ndipo pakhale munthu wamkuru woona kuti cakudya calowadi m'kamwa mwa mwana.

Mwana amene akana cakudya masiku angapo otsatana, kapena amene mzere wa pa khadi lake la ku sikelo waleka kukwera, apite naye ku kiliniki msanga. Phala la HEPS ndi ciponde ca m'timapaketi cimene anamwino amapereka kwa ana onyenchera ndi mankhwala, ndipo muyeso wake anauwerengera mwana mmodzi yekhayo. Sicigawidwa kwa abale ake, ndipo kwa galu ndiye ai ndithu.

Cakudya cophika cisakhale pa mtunda kupyola maola awiri, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mkaka wa m'citini wosungunula kale ukatsala utayidwe. Cakudya cimene casasa kapena camera cuku kotero kuti mwana sangadye, galunso asadye, pakuti cuku cina cimanjenjemeretsa agalu ndi kuwagwetsa ngati akhunyu.

GALU AKADYA COIPA

Mwini galu akazindikira kuti galu wake wadya anyezi wambiri, mphesa, cokoleti, xylitol kapena mankhwala a anthu, asayembekeze kuti ayambe waoneka kudwala. Apite naye ku ofesi ya za ziweto ya pa boma kapena kwa dokotala wa ziweto, atanyamula citini kapena paketi ya cimene galu wadya, ndipo anene nthawi imene anadya ndi kucuruka kwake. Thandizo limagwira bwino nchito m'maola oyambirira.

Asamumwetse mcere, mafuta ophikira kapena mkaka pofuna kuti asanze. Mkaka sucotsa poizoni, ndipo mcere wambiri pa wokha ungaphe galu. Asamupatsenso mapiritsi a anthu. Masanzi ndi cimbudzi ca galu wodwala zikwiriridwe msanga, ndipo ana asamuyandikire.

Tsono phala wamba lotsala, lophikidwa tsiku lomwelo ndi unga wabwino, lopanda anyezi, adyo kapena mankhwala, galu angapatsidwe mwa apo ndi apo. Likhuthulidwire m'mbale yakeyake, pamalo pake, mwana atakhuta kale. Mbale ya galu itsukidwe payokha, kutali ndi ziwiya za banja, ndipo womudyetsa asambe m'manja ndi sopo asananyamule mwana.